Bwana wanga wawombera tsotsi, koma wagona m'chitokosi ndi iyeyo

Loweruka m'mawa

Bambo a Tadala (Joni): Mwadzuka bwanji akumudzi. Ine kuno tulo sindinatione. Dzulo cha m'ma 7 koloko madzulo tikukonzekera kutseka shopu, analowa matsotsi atatu. Mmodzi anandiloza mfuti pamphumi penipeni ine ndili ndi kireti ya buledi m'manja. Bwana wanga anali kuseri kwa kauntala, anasolola yake n'kuwombera. Mmodzi wamwalira. Koma apolisi atabwera anatenga bwanayo, mfuti yake ndi bokosi la makamera. Mfuti yake ndi ya laisensi, koma mpaka pano ali m'chitokosi. Ndiye ndifunse, munthu azingoyang'ana akumubera?

Mai a Chiko: Mayo ine! Inuyo muli bwino bambo a Tadala? Simunavulale?

Bambo a Tadala (Joni): Ndili bwino mayi. Kungoti khutu lakumanzere likungolira, ndipo kapu ya tiyi ndikulephera kuigwira bwino.

Mfana wa ku Ndix: Malamulo a masiku ano ndi oteteza mbava basi. Bwana ameneyo amafunika kumugulira fanta, osati kumumanga unyolo. Akanapha onse atatu.

Ankolo a ku Zomba: Pepa mphwanga ndi zimene wakumana nazo. Ine ndinakhala kalaliki wa kukhothi zaka zambiri ndisanapume, ndiye ndikuuzeko pang'ono. Pakakhala mtembo pamayenera kukhala fayilo. Wapolisi sangafike, kumva kuti womwalirayo anali wakuba, n'kubwerera ku ofesi kukamwa tiyi. Akanamatero, aliyense wofuna kupha mnzake bwenzi akumuitanira kunyumba usiku kenako n'kunena kuti inali mbava. Kumangidwa si kupezeka wolakwa. Kumeneko apolisi amatsegula doketi, mfuti imapita kokayeza, kenako a NPA, oimira boma pa milandu, ndi amene amaona ngati pali mlandu wozenga kapena ayi. Lamulo la maola 48 liliko ngati kwathu kuno, koma poti amugwira Lachisanu usiku, khothi akalionera Lolemba.

Namaseko: Pepani achimwene. Ine ndikuphunzira zamalamulo, sindinamalize, ndiye zanga musazitenge ngati za loya. Koma ndifunse mafunso amene wapolisi akufunseni. Anawombera kangati? Womwalirayo anagwera pati? Mfuti inali m'manja mwa ndani?

Bambo a Tadala (Joni): Kanayi ndikuganiza. Kawiri mkati, kawiri panja.

Namaseko: Panja?

Bambo a Tadala (Joni): Eya. Woyamba uja, wa mfuti, anamulasa paphewa, mfuti inagwa pansi pafupi ndi firiji ya zakumwa. Onse atatu anathawa. Mmodzi anali atanyamula kabati ya tilu. Bwana anatsegula geti la kauntala n'kuwathamangira. Ine ndinali nditagona chafufumimba, ndinangomva kulira kuwiri kwina. Nditatuluka ndinapeza wa tilu uja ali chigonere mumsewu, makobidi ali mbwee.

Namaseko: Chipolopolo chinalowera kuti?

Bambo a Tadala (Joni): Kumsana.

Ankolo a ku Zomba: Hmmm. Apa ndiye pali nkhani.

Mfana wa ku Ndix: Nkhani yanji ankolo? Kumsana, kumimba, kumutu, mbava ndi mbava. Anaitanidwa ndi ndani?

Achimwene a ku Indiana: Mfana, ndikuyankhe ine amene ndikukhala dziko limene mfuti amagulitsa sitolo imodzi ndi mbedza zowedzera nsomba. Anthu kumudzi amaganiza kuti ku America ukhoza kuwombera mbava mmene ungafunire. Zoona, madera ambiri ali ndi lamulo lakuti suyenera kuthawa kaye usanadziteteze, Florida inalikhazikitsa mu 2005 ndipo ena anatsatira. Koma tamvera iyi. Mu May 2009 ku Oklahoma City anyamata awiri analowa mu famase ina kudzaba. Wogwira ntchito mmenemo, Jerome Ersland, anawombera mmodzi, Antwun Parker wa zaka 16, m'mutu. Mnyamatayo anagwa. Ersland anathamangitsa winayo mpaka panja, n'kubwerera, n'kudutsa pomwe panagona mnyamata uja, n'kukatenga mfuti yachiwiri, n'kumuwombera kasanu pamimba. Zonse zinajambulidwa ndi kamera ya m'sitolomo. Woimira boma ananena poyera kuti chipolopolo choyamba chinalibe vuto ndi lamulo. Mlandu unali pa zisanu zinazo. Mu 2011 anamupeza wolakwa pa mlandu wakupha ndipo anamugamula moyo wonse kundende. Anthu ambirimbiri anasainira makalata omuikira kumbuyo, koma sizinasinthe kanthu. Ndipo Oklahoma ndi dera limene anthu amakonda mfuti ngati mmene ife timakondera nsima.

Mfana wa ku Ndix: Ndiye mbava zinapambana.

Achimwene a ku Indiana: Ayi, akuluakulu awiri amene anatuma anawo nawonso anamangidwa pa mlandu wakupha chifukwa cha imfa ya mnyamata yemweyo, ngakhale sanagwire mfuti imene inamupha. Khothi silinasankhe mbali. Linangogawa nkhaniyo zidutswazidutswa, n'kufunsa pa chidutswa chilichonse kuti apa ngozi inalipobe kapena inali itatha.

Mai a Chiko: Ine ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma mtima ukundiwawa. Inu mukuyankhula za chidutswa ichi chidutswa icho chifukwa simunaonepo chikwanje chikunyezimira m'chipinda mwanu. Ife anatilowera 2 koloko usiku. Anaswa chitseko cha gulosale ndi mwala waukulu, n'kudutsira kunyumba. Bambo a Chiko anawatema pamkono poteteza mutu, mpaka lero zala ziwiri sizipinda. Chiko anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, anadzikodzera ali chiimire pakona. Anatenga ndalama za oda, TV, mpaka ndiwo za m'firiji. Patatha miyezi itatu anabweranso, omwewo, mawu awo ndinawazindikira. Ndiye mukati wothawa ngozi yake yatha, yatha kwa ndani? Kwa woweruza amene kunyumba kwake kuli mpanda ndi mlonda? Wothawa lero ndi yemweyo amabwera mawa.

Anangozo (Leeds): Achemwali, zimene mwanenazi palibe angazitsutse. Ndipo mawu anuwo ndi omwe ankanenedwa kuno ku England pa nkhani ya Tony Martin. Agogo amene ndimawasamalira akaiyamba nkhani imeneyi saimaliza. Martin anali mlimi, ankakhala yekha m'nyumba yakutha yotchedwa Bleak House ku Norfolk, kutali ndi polisi, ndipo ankadandaula kuti amuberapo kangapo. Mu August 1999 usiku analowa awiri, Brendon Fearon ndi Fred Barras wa zaka 16. Martin anawombera mumdima. Fearon anavulala miyendo, Barras chipolopolo chinamupeza kumsana, anatulukira pawindo n'kukafera panja. Mu April 2000 khothi la ku Norwich linamupeza Martin wolakwa pa mlandu wakupha, moyo wonse kundende. Dziko linagawanika pakati, manyuzipepala ena ankamutcha ngwazi. Pa apilo mu 2001 anautsitsa mlanduwo n'kumupatsa zaka zisanu, koma osati chifukwa chakuti anavomereza kuti ankadziteteza ayi. Anautsitsa chifukwa madokotala anati mutu wake sunkayenda bwino, anali ndi matenda okayikira aliyense. Anatuluka mu 2003. Wamwalira mu 2025 ali ndi zaka 80.

Anangozo (Leeds): Chimene chinamupweteka china, mfuti inali yopanda chilolezo. Laisensi yake anali atamulanda kale zaka zingapo m'mbuyomo.

Mfana wa ku Ndix: Nanga wakuba wopulumukayo?

Anangozo (Leeds): Anamangidwa zaka zitatu. Ndipo usaseke, anayesa kumusumira Martin kuti amulipire chifukwa chomuvulaza. Pambuyo pake anausiya mlanduwo.

Mfana wa ku Ndix: Kkkkk ayi ndithu dziko lapita. Mbava kusumira mwini nyumba!

Anangozo (Leeds): Koma kuti ndisanamize gulu, si onse amamangidwa. Mu 2018 ku Hither Green, ku London, mkulu wina wa zaka 78, Richard Osborn-Brooks, anabaya ndi mpeni wa kukhitchini mbava imene inamuopseza ndi sikuludiraiva m'nyumba mwake. Mbavayo inafa. Apolisi anamutenga, patapita masiku ochepa anamumasula wopanda mlandu, ndipo kafukufuku wa imfayo mu 2019 anati anapha movomerezeka ndi lamulo. Kuno kuyambira 2013 lamulo linafewetsedwa kwa munthu amene wamulowera m'nyumba: mphamvu imene wagwiritsa ntchito ikhoza kupitirirako muyezo, bola isapitirire monyanyira. Koma mkuluyo ndi mkazi wake anachita kusamuka poopa abale a womwalirayo.

Admini: Akuluakulu, tikumbutsane kuti chopereka cha maliro a mayi aja a kwa agulupu chikutsekedwa mawa. Amene simunatumize chonde. Pitirizani.

Gadi wa ku Cape: Admini ndatumiza dzulo, onani. Bambo a Tadala pepani aise. Ine ndikufuna ndichenjeze anyamata athu ali kuno, chifukwa ndikudziwa kuti ena akawerenga izi ayamba kuganiza zogula kachitsulo kuseri kwa tarveni. Kuno kuti upeze laisensi ya mfuti uyenera kukhala nzika kapena kukhala ndi chilolezo chokhazikika, komanso zaka 21 kupita m'tsogolo. Ambiri a ife tilibe zimenezo. Akakugwira ndi pisito ya semi-automatic yopanda mapepala, chilango choyambira ndi zaka 15, usanawombere n'komwe munthu. Ukadziteteza nayo, mwina mlandu wakupha upulumuka, koma wa mfutiwo ukudikira. Ine ndimalondera ndi chibonga ndi wailesi ya m'manja, akabwera ndi mfuti ndimagona pansi. Katundu si wanga.

Mfana wa ku Ndix: Koma ku Joni komweko Pistorius, katswiri wothamanga uja, anapha munthu n'kungopatsidwa zaka zisanu. Ndalama zimayankhula.

Namaseko: Nkhani imeneyo munaisiyira panjira achimwene. Zaka zisanuzo anapereka ndi Jaji Thokozile Masipa mu 2014, atagamula kuti anapha mosasamala osati mwadala. Boma linachita apilo. Mu December 2015 khothi la apilo linati ndi mlandu wakupha ndithu, ndipo mu 2017 chilango chinakwera kufika zaka 13 ndi miyezi isanu. Anatuluka pa parole, kukamalizira chilango kunja kwa ndende, mu January 2024. Ndipo nkhaniyo ikukhudza zimene tikukambazi. Iye ankati ankaganiza kuti m'chimbudzi mwalowa mbava, ndiye anawombera kanayi pachitseko chotseka. Khothi la apilo linati kaya mkatimo munali chibwenzi chake Reeva Steenkamp, amene anafayo, kaya munali mbava yeniyeni, iye ankadziwa kuti amene ali kuseri kwa chitsekocho akhoza kufa, ndipo munthuyo sanamuone, sanamuopseze. Kuganiza kuti pali mbava pakokha sikupereka chilolezo chopha.

Ankolo a ku Zomba: Wayankha bwino mwana wanga. Ndionjezere za kwathu, poti ena muli ndi magulosale kuno. Penal Code yathu pa gawo 17 imati nkhani yoteteza moyo kapena katundu iziweruzidwa motsatira mfundo za malamulo a ku England. N'chifukwa chake nkhani za Anangozo zija si zachilendo kwa majaji athu. Pali mlandu wakale wa Palmer wa mu 1971, wochokera ku Jamaica, umene maloya amautchula kawirikawiri. Mfundo yake ndi yakuti munthu amene waukiridwa sangakhale ndi sikelo m'manja yoyezera mphamvu yoti abwezere. Ngati pa kamphindi ka mantha wachita zimene mtima wake unamuuza moona kuti n'zofunika, khothi limamumvetsa. Ndiye si zoona kuti lamulo limafuna kuti uyambe watemedwa kaye. Koma mlandu womwewo umanenanso kuti ngozi ikatha, zimene ukuchita pambuyo pake zikhoza kukhala kubwezera kapena kulanga. Ndipo kulanga ndi ntchito ya khothi.

Chimene chinkandimvetsa chisoni ine pantchito si chigamulo ayi, koma kudikira. Mlandu wakupha umazengedwa ku High Court. Munthu wosauka amene wakantha mbava ndi mpini wa khasu m'khola la mbuzi amatha kukhala pa rimandi nthawi yaitali asanaonane ndi jaji. Akamadzamuuza kuti ulibe mlandu, munda unamera tchire kalekale, mbuzi zomwe ankatetezazo zinagulitsidwa kuti abale azipeza thiransipoti yokamuona.

Mai a Chiko: Ndiye mwaona ankolo? N'chifukwa chake anthu akagwira mbava amangothana nayo pompo.

Ankolo a ku Zomba: Apo pokha ndikukanizani mayi. Ndinaonapo mnyamata wina atabwera naye pa wilibala thupi lonse litatupa, mlandu wake kuthamanga usiku pamene anthu ankakuwa kuti wakuba. Ankathamangira galimoto yoti itenge mkazi wake kupita kuchipatala. Gulu silifunsa dzina.

Mai a Chiko: Zimenezo sindikuzivomereza. Ndikungonena kuti anthu atopa.

Namaseko: Tibwerere kwa bambo a Tadala, chifukwa bwana wawo sikuti alibiretu poimira. Zipolopolo ziwiri za mkati, munthu akuloza wantchito wake mfuti pamphumi, palibe woimira boma wanzeru amene angalimbane nazo. Za panjazo loya sanganene kuti ankadziteteza, pokhapokha ngati wothawayo anatembenuka kapena wina mwa iwo anali ndi mfuti ina. Koma pali khomo lina: gawo 49 la Criminal Procedure Act ya ku South Africa, lonena za mphamvu imene ungagwiritse ntchito pogwira wothawa. Nkhani yotchuka pamenepa ndi ya Walters, imene Constitutional Court, khothi lalikulu la dzikolo, inagamula mu 2002. Inayambira pa bambo ndi mwana wake ku Lady Frere amene anawombera munthu wothawa atathyola bekare yawo. Kale lamulo linkalola kupha wothawa ngakhale pa milandu ya katundu chabe. Khothi linathetsa zimenezo, linati moyo sungatayike chifukwa cha katundu. Koma linasiya mpata pamene wothawayo ali woopsa kwa anthu, kapena wangopalamula mlandu wovulaza kapena kuopseza kuvulaza munthu kwambiri, ndipo palibe njira ina yomugwirira, kaya pompo kaya tsiku lina. Kuba ndi mfuti kukulowa mmenemo. Ndiye adzafunsa: bwana anakuwa kuti imani? Ankafuna kumugwira kapena anali atapsa mtima? Ndipo anyamatawo ndi odziwika kuderako moti apolisi akanatha kukawatenga mawa lake?

Bambo a Tadala (Joni): Kukuwa anakuwa, koma kunali kutukwana m'chilankhulo chakwawo.

Gadi wa ku Cape: Kkkk pepani ndaseka pamaliro.

Bambo a Tadala (Joni): Funso lomalizalo ndi limene likundisowetsa mtendere. Womwalirayo ndikumudziwa. Amakhala msewu wachiwiri kuchokera pashopu. Amabwera kudzagula ndudu imodziimodzi ndi ma unitsi. Atamuvula chipewa chophimba nkhope ndinamuzindikira nthawi yomweyo. Sindikukhulupirira kuti zaka 20 anakwanitsa. Bwana nayenso amamudziwa, koma ngati anamuzindikira asanawombere, kaya.

Mfana wa ku Ndix: Musakanene zimenezo achimwene. Mukangoti ndinagona pansi sindinaone kanthu. Bwana wanu anakupulumutsani.

Ankolo a ku Zomba: Iwe mnyamata usamuphetse mnzako. Makamera ali kale ku polisi. Mphwanga, ukanene zimene unaona ndi maso ako ndi zimene unamva ndi makutu ako, basi. Zimene sunaone usaonjezere, ngakhale pofuna kuthandiza. Panja sunaone, ukanene kuti sunaone. Sitetimenti asanakusainitse uiwerenge, ngati Chingerezi chake chikukuvuta upemphe womasulira. Mboni yonama ikagwidwa pa bodza limodzi, jaji amataya ndi zoona zomwe, kuphatikizapo zoti unalozedwa mfuti pamphumi. Ndipo umboni umenewo ndi umene bwana wako akuufunitsitsa.

Bambo a Tadala (Joni): Ndamva ankolo. Vuto lina mukulidziwa, mapepala anga anatha mu June.

Gadi wa ku Cape: Ndikuimbirani ndikaweruka aise. Zimenezo tisakambire pagulu.

Anangozo (Leeds): Ndipo musagone nokha masiku ano. Mayi a Tadala mwawauza?

Bambo a Tadala (Joni): Sindinawauze. Ali ndi BP. Chonde amene muli nawo pafupi musatengere nkhaniyi kumudzi, ndiwauza ndekha.

Lolemba madzulo

Bambo a Tadala (Joni): Akumudzi, ndabwerako. Bwana anaonekera kukhothi m'mawa, sizinathe ndi mphindi khumi zomwe. Mlandu akuti wakupha. Za belo azikankhira sabata yamawa kuti wofufuza amalize kuona makamera ndi kutsimikiza kumene amakhala. Wa paphewa uja amugwira kuchipatala, akumulondera ali pabedi. Wachitatu sakuoneka. Sitetimenti ndapereka, masamba awiri, ndinawerenga ndisanasaine monga munanenera ankolo. Wapolisi anabwereza katatu kundifunsa kuti pakati pa kulira kwa mkati ndi kwa panja panadutsa nthawi yaitali bwanji. Ndinamuuza kuti wotchi sindinayang'ane, nkhope inali pasimenti.

Namaseko: Mwachita bwino achimwene. Za mapepala anafunsa?

Bambo a Tadala (Joni): Anangolemba nambala ya pasipoti. Kaya mawa.

Mai a Chiko: Nanga shopu?

Bambo a Tadala (Joni): Ndi yotseka. Mkazi wa bwana akuti tisatsegule mpaka maliro adutse, anyamata a m'deramo akuzungulirazungulira. Pobwera ndinadutsa msewu wachiwiri uja, amanga tenti, mipando akutsitsa mu bakkie. Amayi ake anali pakhonde, anandiyang'ana, ine ndinaweramitsa mutu n'kudutsa. Amandidziwa, ndimawasungira buledi wa bulauni Loweruka lililonse.

Mfana wa ku Ndix: Eish.

Bambo a Tadala (Joni): Malipiro a mwezi uno sindikudziwa kuti andipatsa ndani. Amene muli cha kuno mukamva za ganyu ya m'gadeni kapena yopenta mundiuze, ngakhale ya masiku awiri.

Gadi wa ku Cape: Ndili ndi mlamu wanga ku Randburg amapenta nyumba. Ndikutumizirani nambala yake kumbali.